Mafilimu Amene Palibe Adzawaonerenso

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANSI)

WOULUTSA: Inu nonse amene mwatchera khutu kuno ku Milange, m'tsinde mwa phiri la Tumbine, ndi inu abale athu a kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, ku Limbuli, ku Mulanje ndi kwina konse kumene mawu ano akufika, ino ndi pulogalamu yathu ya mbiri ndi chikhalidwe.  Lero tikamba za kanema, koma za mafilimu amene palibe munthu angakuonetseni ngakhale mutamupatsa ng'ombe. Anajambulidwa, anthu anawaonera, ena anaseka, ena analira, kenaka mafilimuwo anasowa.

Tiyambire m'chaka cha 1935. M'mwezi wa Seputembala chaka chimenecho, lole ina inanyamuka ku Tanganyika, dziko limene lero timati Tanzania, itasenza injini ya magetsi, makina oonetsera kanema, chinsalu ndi galamafoni. Inayenda mpaka ku Northern Rhodesia, imene ndi Zambia ya lero, inalowa mu Nyasaland, dziko la anansi athu kutsidya kwa Muloza, inakafikanso ku Kenya ndi ku Uganda. Pofika Febuluwale 1936 inali itaonetsa kanema maulendo 95 kwa anthu pafupifupi 80,000. Ambiri mwa iwo aka kanali koyamba kuona zithunzi zikuyenda.

Ntchitoyi inkatchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Mwini ganizo anali J. Merle Davis wa bungwe la amishoni la International Missionary Council, amene anafufuza za moyo wa anthu ogwira ntchito m'migodi ya kopa ku Northern Rhodesia. Ndalama zambiri zinachokera ku Carnegie Corporation ya ku New York. Wotsogolera zojambula anali Major L.A. Notcutt, munthu amene kale ankalima khonje, ndipo woyenda ndi lole anali G.C. Latham, amene anakhalapo mkulu wa maphunziro a anthu akuda ku Northern Rhodesia. Likulu lawo linali ku Vugiri, m'mapiri a Usambara. Pakati pa 1935 ndi 1937 anajambula mafilimu 35.

Mafilimuwo anali opanda mawu. Anthu a pa chinsalu ankagwedeza milomo koma osamveka. Ndiye anapeza nzeru yojambula mawu ofotokozera pa mbale za galamafoni, kuti chithunzi chikamayenda, mbale izilankhula. Mbalezo anazikonza m'zilankhulo zingapo: Chiswahili, Chibemba, Chitumbuka, Chikikuyu ndi zina. Chinyanja chinali pomwepo. Tamvetsani, omvera: zaka zoposa 85 zapitazo, chilankhulo chimene ndikukulankhulani nachochi chinkamveka usiku pabwalo, chikufotokoza kanema.

Imodzi mwa mafilimuwo inali Post Office Savings Bank, nkhani ya amuna awiri amene analandira malipiro awo atagwira ntchito kumunda wa Mzungu. Wina anakasungitsa ndalama zake ku positi ofesi. Mnzake anakumba pansi m'nyumba n'kuzikwirira. Wakuba anamuona, anadzafukula, ndipo mudzi unadzambatuka kumuthamangitsa. Ndi nkhani yosavuta kumva: wochenjera, wosasamala, wakuba, liwiro. Munthu aliyense wa kuno amene anapitapo kukathyola tiyi kapena kukagwira ganyu kutali n'kubwera ndi kangachepe m'thumba akanaimva popanda womasulira.

Tisabise mawu. Mafilimu amenewa sanapangidwe ndi anthu amene ankationa ngati anzawo. Ankationa ngati ana ofunika kuphunzitsidwa, ndipo ina mwa mafilimuwo inali yolimbikitsa anthu kukhoma msonkho wa boma la atsamunda. Komabe amene ankasewera m'menemo anali anthu akuda wamba, ovala zovala za masiku amenewo, oyenda m'midzi ya masiku amenewo. Nkhope zawo, nyumba zawo, kasenzedwe kawo ka katundu, zonsezo zinali mu filimu. N'chifukwa chake kusowa kwake kumandiwawa.

Mwa mafilimu 35 aja, atatu okha ndi amene alipo lero, ndipo akusungidwa ku British Film Institute ku Britain. Ina ndi ya njoka za m'mimba, ina ndi ya maphunziro a alangizi a ziweto, yachitatu ndi ya minda ya alimi ang'onoang'ono. Zonse ndi za ulangizi. Zija za nkhani, za wakuba ndi liwiro, za nthabwala zimene zinkagwetsa anthu ndi phwete, zinapita. Nkhani ya wakuba ndakufotokozeraniyi timaidziwa chifukwa Notcutt ndi Latham analemba buku mu 1937 lotchedwa The African and the Cinema. M'bukumo analembamonso mmene anthu ankalandirira mafilimuwo, koma analemba zimene makutu awo a Chizungu anamva. Agogo amene anakhala pansi usiku umenewo, ana ali pamiyendo, sanalembe buku lawo.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Vuto limeneli si la ife tokha. Tiwoloke nyanja ya Indian Ocean, tikafike ku Australia, dziko limene linayamba msanga kwambiri kujambula mafilimu aatali. Kumeneko kuli filimu ina yotayika imene ndikufuna muimve nkhani yake, chifukwa ikufanana ndi zimene timakonda kuonera mu vidiyo sho masiku ano.

Dzina lake ndi The Fatal Wedding, kunena kuti ukwati umene unathera m'maliro. Inaonetsedwa koyamba mu Epulo 1911 ku Lyceum Theatre mumzinda wa Sydney. Poyamba linali sewero la pa nsanja lolembedwa ndi Theodore Kremer wa ku America, ndipo anthu a ku Australia analikonda kwambiri. Mwini nyumba za kanema wina, Cosens Spencer, anaika ndalama kuti lijambulidwe. Wotsogolera anali Raymond Longford, ndipo iyi inali filimu yake yoyamba kutsogolera. Wogwira kamera anali Arthur Higgins.

Nkhani yake ili motere. Howard Wilson ndi mkazi wake Mabel ali pabanja lokoma, ali ndi ana awiri. Mkazi wina, Cora Williams, akumufuna Howard, ndiye akonza bodza loti Mabel ndi wosakhulupirika. Banja litha. Khoti lipereka ana kwa bambo, koma Mabel, mtima wa mayi, awatenga anawo n'kuthawa nawo. Papita zaka, Mabel ali mu umphawi wadzaoneni, Cora amupeza n'kuyesa kumuthira poizoni. Pomaliza lifika tsiku loti Howard akwatire Cora. M'tchalitchi momwemo Cora aomberedwa ndi mwamuna amene ankamuthandiza chiwembu chija, choonadi chiululika, ndipo Howard ndi Mabel abwererana.

Mwaimva nkhaniyo. Wolanda mwamuna wa mwini, mayi wosalakwa wovutika ndi ana, chilungamo chobwera mochedwa. Masewero a mtundu umenewu sabisa kuti woipa ndani, wabwino ndani. Cholinga chake n'kukugwira pamtima mpaka misozi itsike. Ena ophunzira amawapeputsa, amati ndi nkhani za anthu wamba. Ine sindiwapeputsa. Chimene chimaliza anthu a m'badwo wina chimatiuza zimene ankaziopa: kutha kwa banja, kulandidwa ana, umphawi wa mkazi wosiyidwa. Mantha amenewo kuno kwathu timawadziwa bwino.

Amene anasewera ngati Mabel anali Lottie Lyell, mtsikana wa zaka 21. Longford mwiniwake anasewera ngati Howard. Magetsi amphamvu ojambulira kunalibe, choncho zochitika za m'nyumba anakazijambulira m'nyumba ina ku Bondi atasasula denga kuti dzuwa lilowe. Filimuyo inapindula ndalama zambiri, ndipo awiriwa anagwirira ntchito limodzi zaka khumi ndi zinayi zotsatira. Lottie Lyell sanali wosewera chabe: ankalemba nkhani, ankalumikiza zidutswa za filimu, ankathandiza kutsogolera. Anamwalira ndi chifuwa chachikulu pa 21 Disembala 1925 ali ndi zaka 35. Longford anakalamba akugwira ntchito ya ulonda kudoko la Sydney, n'kumwalira mu 1959. Lero mphoto ina yapamwamba ya za kanema ku Australia imatchedwa Longford Lyell Award, koma filimu imene awiriwa anayambira sikupezeka paliponse. Zimene ndakuuzanizi anthu anazitola m'manyuzipepala akale, m'zikalata zoitanira anthu ku kanema, ndi m'mawu a sewero la pa nsanja lija.

Si yokhayi. Pakati pa 1906 ndi 1930 ku Australia kunajambulidwa mafilimu aatali opanda mawu pafupifupi 250. Amene atsala, athunthu kapena zidutswa chabe, angopitirira pang'ono 50.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Nanga filimu imasowa bwanji? Kale filimu inali lamba wautali wopyapyala, wokulungidwa m'chitini, wokhala ndi tizithunzi zikwi zambiri. Kufikira cha m'ma 1951, malamba a m'nyumba za kanema ankapangidwa ndi mankhwala otchedwa nitrate. Lamba wotere sachedwa kugwira moto, ndipo akayaka, ngakhale mumumize m'madzi amayakabe, chifukwa mpweya woyakira amadzipangira yekha. Akapanda kupsa amawola: amayamba kunata, zithunzi zimafufutika, pomaliza mumatsegula chitini n'kupezamo ufa wofiirira. Mafilimu ang'onoang'ono ngati a pa lole ya 1935 ankapangidwa ndi mankhwala ena osayaka msanga, koma nawonso amadana ndi kutentha ndi chinyezi. Akayamba kuwonongeka amanunkha ngati viniga, amakwinyika n'kumathothoka.

Koma moto ndi chinyezi si zimene zinawononga zambiri. Eni mafilimu ankawaona ngati katundu wa pamsika. Filimu ikazungulira m'matauni mpaka anthu kutopa nayo, inkasanduka chinthu chodzaza malo ndiponso choopsa. Ena ankaitentha, ena ankaigulitsa kwa anthu ochotsamo siliva amene amakhala m'mankhwala a zithunzi. Mafilimu olankhula atabwera cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, opanda mawu anaoneka achabechabe. Panalibe ofesi imene ntchito yake inali kusunga.

Anthu a ku Australia anadzidzimuka mochedwa, koma anadzidzimuka. The Story of the Kelly Gang ya 1906, imene ambiri amati ndiyo filimu yaitali yoyamba padziko lonse, inali yotalika pafupifupi ola limodzi. Zidutswa zake zinatoledwa apa ndi apo, china pa dzala mumzinda wa Melbourne, china ku Britain mu 2006, mpaka zinakwana mphindi 17. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anayambitsa ntchito yotchedwa The Last Film Search: anayenda ndi galimoto m'matauni ndi m'mafamu, kufunsa anthu ngati ali ndi zitini zakale m'magalaja ndi m'nyumba zosungira katundu. Mu 1984 anakhazikitsa National Film and Sound Archive mumzinda wa Canberra. Onani kuti sanayambe ndi makina odula. Anayamba ndi kugogoda pakhomo ndi kufunsa.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tibwerere kwathu ku Mozambique, kumene mafilimu anasowa m'njira zowawa kuposa pamenepa. Mu 1965 Faria de Almeida, wobadwira ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, anajambula filimu yotchedwa Catembe, yoonetsa moyo wa tsiku ndi tsiku mumzindawo, wa Azungu ndi wa anthu akuda. Boma la Apwitikizi linalamula kuti idulidwe malo 103, ndipo itadulidwa chonchonso linailetsa. Apa filimu sinadyedwe ndi chinyezi; inadulidwa ndi lumo la boma.

Ufulu utabwera mu 1975, boma la Samora Machel linaika kanema patsogolo. Mu 1976 linakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema ku Maputo. Kuyambira 1978 kunkatuluka Kuxa Kanema, kanema wa nkhani za m'dziko, amene pambuyo pake ankatuluka sabata ndi sabata, wa mphindi khumi. Magalimoto a kanema woyenda ankapita nawo m'maboma ndi m'midzi, kukaonetsa pabwalo kwa anthu amene analibe wailesi ya kanema. Mu 1979 Ruy Guerra anajambula Mueda, Memória e Massacre, m'mene anthu a ku Mueda eni ake ankasewera za kuphedwa kwa abale awo kwa pa 16 Juni 1960. Mu 1987 José Cardoso anatulutsa O Vento Sopra do Norte. Zoona, Kuxa Kanema ankalankhula mawu a chipani cholamula. Koma m'zitini zimenezo muli nkhope za alimi, ana a sukulu, asilikali ndi amayi a m'dziko lino m'zaka zoyamba za ufulu, ndipo nkhope zimenezo si za chipani chilichonse.

Nkhondo ya pachiweniweni inaimitsa magalimoto aja, chifukwa misewu sinkayendeka. Kenaka mu Febuluwale 1991 moto unabuka m'nyumba ya Instituto Nacional de Cinema, n'kuwononga zipangizo ndi mafilimu ambiri. Zitini zina zinapulumuka, ndipo ndi zimene Margarida Cardoso anagwiritsa ntchito mu 2003 pokonza filimu yofotokoza mbiri ya Kuxa Kanema.

Inu a kuno ku Milange simufunika kuuzidwa mmene zinthu zimatayikira. Tauni ino inagwa m'manja mwa Renamo, gulu limene linkamenyana ndi boma, mu 1986, asilikali a boma n'kudzailandanso mu 1988. Anthu anawoloka Muloza ndi zimene manja akanatha kunyamula: mwana, mphika, kansalu. Zithunzi za ukwati, makalata, ziphaso za sukulu, zambiri zinatsala m'nyumba zimene zinapsa kapena kugwa. Malawi anasunga anthu othawa nkhondo opitirira miliyoni imodzi kufikira mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Licínio Azevedo anajambulako mbali ya mbiri imeneyi: A Árvore dos Antepassados imatsatira banja lina pobwerera kwawo ku Tete kuchokera ku Malawi, ndipo Comboio de Sal e Açúcar ya 2016 imakamba za sitima ya pamtunda yochokera ku Nampula, yonyamula anthu opita kukasinthanitsa mchere ndi shuga ku Malawi nkhondo ili mkati. Mafilimu awiriwa alipo. Aphunzitsi ndi eni mavidiyo sho, afunefuneni, ana athu awaone.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Pali chinthu chimodzi chimene chikulumikiza zonsezi. Filimu yopanda mawu inkafuna pakamwa pa munthu. Ku Melbourne mu 1906, poonetsa filimu ya Kelly Gang ija, munthu ankaima pambali pa chinsalu n'kumafotokoza zimene zikuchitika. Pa lole ya 1935 inkalankhula ndi mbale ya galamafoni. Lero mukalowa mu vidiyo sho kumsika, filimu ya ku India kapena ya ku China ikulankhula Chichewa, chifukwa mnyamata wina anakhala pansi n'kuimasulira, n'kuithira mchere wake. Ndipo filimu ikatayika, chimatsala ndi chomwecho: pakamwa pa amene anaiona. Amene anaonera lole ya 1935 ali ana, lero angakhale ndi zaka zoposa 90. Nthawi yowafunsa yatsala pang'ono kutheratu. Koma amene anaonera kanema woyenda wa nthawi ya Samora, kapena kanema wa boma ndi wa mishoni kutsidyaku, ali pakati pathu. Ena mukumvera nawo wailesi ino pakhonde.

Mdzukulu, pulogalamu ikatha afunseni agogowo. Kanema woyamba anamuonera kuti? Chinsalu anachimangirira pa chiyani? Ankamasulira ndani? Anthu anaseka pati, anakwiya pati? Tsegulani chojambulira mawu cha mu foni, ayambe ndi kutchula dzina lawo, mudzi wawo ndi tsiku limene mukujambulalo.

Foniyo ndiyo ikundidetsa nkhawa. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa madzi ndi miyala kuchokera m'mapiri, anthu ambiri a mbali zonse ziwiri za malire anajambula zimene anaona: milatho itakokoloka, minda itakwiririka, anthu akufukula abale awo m'matope. Chigumukire cha pa Tumbine cha mu Januwale 1998 chinachitika mafoni ojambula asanafike m'manja mwa anthu, ndipo chimakhala m'mitima ya amene anapulumuka. Za Freddy tinajambula. Koma mavidiyo amenewo ali kuti lero? Foni inagwera m'madzi, ina inabedwa, ina inagulitsidwa. Memori khadi inadzaza, mwini wake n'kufufuta kuti alowetse nyimbo. Lamba wa nitrate ankatha zaka makumi angapo asanawole. Memori khadi ikhoza kufa lero lomwe, osachenjeza.

Ndiye chitani izi. Vidiyo kapena chithunzi chimene mukuchiona kuti n'chofunika, chisakhale malo amodzi. Chikopereni pa fulashi kapena pa kompyuta, china mutumize kwa mbale amene amakhala kwina. Lembani m'kope kuti chinajambulidwa liti, kuti, ndipo akuonekamo ndani, chifukwa pakapita zaka makumi awiri palibe adzazindikire nkhopezo. Matepi akale a vidiyo a ukwati, a chinamwali kapena a kwaya, asungeni choimika pamalo ouma, kutali ndi dzuwa, ndipo mukapeza wodziwa kuwasamutsira pa kompyuta musazengereze, poti makina owerengera matepiwo akusowa chaka ndi chaka. Mavidiyo oonetsa maliro ndi matupi a anthu asungeni mwaulemu, osawamwaza pa WhatsApp popanda chilolezo cha abale.

Ndipo wina akapeza chitini cha filimu m'nyumba yakale ya mishoni, ya sukulu kapena ya kampani ya tiyi, asachitaye, asachiyandikize kumoto, asapatse ana kuti aziseweretsa lambayo, ndiponso asayese kumuonetsa pa makina akale, chifukwa lamba wouma amaduka. Werengani zimene zalembedwa pa chitinicho, zilembeni papepala, mukadziwitse a zachikhalidwe ku boma, kapena mubwere nazo kuno ku wailesi kuti tithandizane kupeza odziwa kusamala zinthu zotere.

Amene mwajambula mawu a agogo, tibweretsereni. Tidzawaulutsa m'pulogalamu ino ngati eni akewo avomera.  

(NYIMBO YOTSEKERA)